A Golden Alambasitidwa

Keziya ankapeta mpunga pakhonde pamene dzina la mwamuna wake lidatuluka m'wailesi. Inali nthawi ya nkhani za m'Chingerezi, zija anthu a ku Uraha amangozisiya zikudzilankhulira podikira kuti za m'Chitumbuka ziyambe. Eni dzinalo, a Golden Kayange, anali atagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili kumaso. Atangomva kuti "Mister Golden Kayange" adadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu, nakaikumbatira wailesiyo ndi manja awiri.

"Anyina Yunike!" adaitana mkazi wawo m'Chitumbuka, kutanthauza amake Yunike. "Mwamva? Anditchula! M'Chingerezi!"

"Ndamva, awiske Yunike," adatero Keziya, maso ali palichero.

Wowerenga nkhani uja atafika kumapeto adabwereza mitu ya nkhani, dzina lija n'kutulukanso. Ulendo uno a Golden adatchera khutu kwambiri, ndipo pa mawu onse amene adadutsa adawakhapo liwu limodzi lomwe lidaima pafupi ndi dzina lawo: lambasted.

"Lambasted," adalilawa liwulo pakamwa. "Lam-ba-sted. Liwu lolemera ili. Sangaliike pa munthu wamba."

A Golden anali wapampando wa kopaletivi ya alimi a mpunga m'deralo. Sanali munthu woipa mtima ayi, kungoti ulemu ankaukonda kuposa ntchito yobweretsa ulemuwo. Chingerezi ankachitola apa ndi apo m'misonkhano ngati nkhuku pamtondo, ndipo liwu likawakomera ankayenda nalo mpaka litatha ntchito.

Keziya liwulo sankalidziwa, koma nkhani imene wailesi inkanena ankaidziwa bwino, chifukwa idamugwera iyeyo. Lachiwiri la sabata yomweyo kudabwera mayi Sheila Nyirenda a ku bungwe limene lidamangira alimiwo nyumba yosungiramo mpunga. Adabwera ndi mtolankhani. Tsikulo a Golden adalawira m'mawa kuti ali ndi msonkhano wofunika ku Vinthukutu, chonsecho msonkhanowo unali mpira wa pakanema. Makiyi adasiyira mkazi wawo. Keziya atatsegula chitseko pamaso pa alendo ndi mamembala, choyamba kutuluka inali mbuzi, tonde wamkulu wandevu, ndipo zinzake zidatsatira pambuyo mwadongosolo. Zinali mbuzi za a Golden omwe. Khola lawo lidagwa mvula yoyamba, iwo n'kuona kuti nyumba ya kopaletivi ili ndi malo okwanira. Kudenga lata limodzi lidasasuka ndi mphepo kalekale, ndipo matumba omwe anali pansi pa bowolo anali atamera, mpunga uli biriwiri ngati nazale.

Mayi Sheila adalankhula. Adalankhula mpaka mtolankhani adasintha dzanja logwirira chojambulira mawu. Wapampando kunalibe, choncho mawu onsewo adatera pa munthu amene adagwira makiyi. Madzulo a Golden adabwera akuimba mluzu chifukwa timu yawo idapambana, nafunsa kuti, "Alendo ayenda bwanji?" Keziya, mtima uli phuphuphu, adangoti, "Ayenda bwino." Iwo sadafunsenso zambiri.

Tsopano a Golden adavala nsapato. "Ndikafike kwa Shafiki. Amene uja amawerenga nyuzipepala asanakulungiremo sopo, alidziwa liwuli."

Keziya adakumbukira mwadzidzidzi kuti mchere watha m'nyumba, natsatira pambuyo.

Shafiki anali mwini golosale pamsewu, munthu wa ku Mangochi amene adakhalitsa ku Uraha mpaka Chitumbuka chidamuzolowera. Pakhonde pa golosaleyo panali Lughano, mayi wogulitsa zitenje zimene amakatenga kutsidya kwa mtsinje wa m'malire wa Songwe, ndi a Lawi, mkulu wina wosoka maukonde. Onse atatu nkhani ya mbuzi anali ataimva kale, chifukwa ku Uraha nkhani yotere sigona panjira.

A Golden adafotokoza zonse, nalitchula liwu lija katatu konse. Shafiki adayang'ana a Golden, adayang'ana Keziya amene adaima kumbuyo kwawo, kenako adapukuta kauntala yoyera kale.

"Bwana tcheya, limenelo ndi losavuta," adatero. "Limvetsereni bwino. Lamba-sted. Kulambira. Azungu mawu ena anachita kutibera ife. Ndiye kuti mayi aja anakugwadirani, anakutamandani."

"Eya!" a Golden adamenya kauntala. "Ndimadziwa ine!"

"Ngakhale kwa anzathu kutsidyaku," Lughano adathira ndemanga nkhope ili yowongoka, "kulamba ndi kunyambita. Ndiye kuti anachita kukunyambitani ndi mawu, ngati ng'ombe ikamanyambita mwana wake."

A Lawi adakweza mutu pa ukonde wawo. "Ine ndimayesa akunena lamba wam'chiunoyu, wokwapulira ana osamva."

"A Lawi, inu sukulu munangoisuzumira pawindo," adatero a Golden mokoma mtima. "Zisiyeni izi."

Shafiki adayang'ananso Keziya, ngati akumupatsa mpata woti aphwanye mphikawo usanafike pamoto. Keziya adakumbukira maso a mamembala aja pa iye, ndi fungo la tonde likutuluka pakhomo.

"Mundipatse mchere," adatero.

Komabe adafuna kutsimikiza. Pobwerera adapatukira kwa mng'ono wake Hilda, amene ankaphunzitsa Chingerezi pasekondale yoyendera ya kufupi. Adamupeza akuchapa. Hilda atamva liwulo ndi tanthauzo la Shafiki adakhala pansi m'thovu momwemo, kuseka mpaka misozi.

"Asisi, limenelo si liwu lochezera," adatero atapezako mpweya. "Si kukalipira wamba kuja mumachita mwana akataya ndiwo. Ndi kumudzudzula munthu mwamphamvu, kawirikawiri pagulu, mpaka asowe poika nkhope. Kuja timati kumusambitsa chokweza. Anyuzipepala amalikonda zedi. Wamkulu akakwiya ndi anthu ogona pantchito n'kuwazazira, mawa lake mupeza liwu lomweli pamutu pa nkhani. Dikirani ndivale, ndikawauze alamu asanachite nalo manyazi."

"Ukhale pomwepo," adatero Keziya. "Amene anasambitsidwa chokweza ndine, chifukwa cha mbuzi zawo. Asiye nawonso alaweko."

Sadayembekezere kuti zifika patali chotero. Pofika kunyumba adapeza a Golden akunola mpeni. Adalengeza kuti munthu salambasitidwa pawailesi tsiku lililonse, choncho Loweruka kukhala phwando, ndipo tonde wamkulu uja aphedwa. Keziya adatsegula pakamwa, kenako adaganizira za tondeyo, amene adamudyera chinangwa chake kambirimbiri, natsekanso.

Loweruka Shafiki ndiye adachinja mbuziyo kuti nayenso adye nawo. Amayi adasenda nthochi zaziwisi mulu waukulu n'kuphika mbalagha yonona ya nthochizo ndi nyama, mpunga wa kilombero ukununkhira mpaka kumsewu. Mamembala a kopaletivi adabwera onse, ngakhale aja amati akaitanidwa kukalambula ngalande amadwala msana. Ambiri mwa iwo analipo Lachiwiri lija ndipo adamva zonse ndi makutu awo. Koma pakamwa podzaza nyama sipatsutsa mwini mbuzi.

Atakhuta, a Manase, mlembi wa kopaletivi, adaimirira akutokosa m'mano.

"A tcheya, ine ndinalipo," adatero. "Nadi, ndikunena pamaso pa Mulungu, chibadwire sindinaonepo munthu akulambasitidwa ngati mmene anakulambasitirani mayi aja. Anayambira kumutu mpaka kumapazi."

"Sanasiyeko pena paliponse," adavomereza mayi wina kumbuyo.

"Ndipo mukuyenera," adatero a Manase. "Mwa anthu tonse tili pano, palibe woyenera kulambasitidwa kuposa inu."

Anthu adawomba m'manja kwa nthawi yaitali, ena ataweramira m'mbale, mapewa akugwedezeka. A Golden adakweza dzanja modzichepetsa, misozi italengeza m'maso. Keziya adathawira kukhitchini n'kudziluma chitenje.

Kuyambira tsikulo liwu lija lidagwira ntchito. Lamlungu kutchalitchi, pa nthawi ya zolengeza, a Golden adapempha mpingo wonse kuti ulambasite amayi amene adasesa bwino pabwalo. Hilda adatuluka panja akutsokomola. Mkati mwa sabata a Golden adapita kwa apongozi awo, mayi ake a Keziya, nawauza kuti abwera kudzawalambasita chifukwa cholera bwino mwana. Gogoyo, posadziwa kanthu, adawagwirira nkhuku. Apa Keziya adayamba kuona kuti moto umene adausonkhezera wafika pafupi ndi denga lake lomwe.

Kenako uthenga udafika wakuti mayi Sheila akubweranso Lachisanu kudzaona ngati zinthu zasintha, ndipo ulendo uno abwera ndi bwana wawo wa ku Mzuzu. Palibe chimene chidasintha. Mbuzi zotsala zinkagonabe momwemo, bowo lili kudenga. Keziya adamema amayi anzake, nathamangitsa mbuzizo, kusesa zitosi ndi kutulutsa matumba omera aja. Koma padenga sakadatha kukwerapo. M'mawa wa Lachisanu adaganiza zoulula. Adapeza a Golden akusita suti yawo ya paukwati ndi simbi ya makala.

"Awiske Yunike, pali nkhani. Liwu lija..."

"Anyina Yunike, lero musandisokoneze. Ndikuloweza zolankhula."

"Koma liwu lija silikutanthauza..."

"Nsanje imeneyo," adatero a Golden akuuzira makala. "Musadandaule, ndikutchulani nanunso."

Keziya adawayang'ana kwa kanthawi, napita kukasamba. Anali atayesa.

Alendo adafika dzuwa litakwera. Mipando idaikidwa pamthunzi pafupi ndi nyumba ya mpunga ija, ndipo anthu adabwera ochuluka kuposa pa phwando, ena ochokera midzi yoyandikana, poti mbiri inali itawanda. Mayi Sheila adakhala nkhope ili gwa. Pambali pawo padakhala bambo Allan Mhone, bwana uja, munthu wa imvi wolankhula pang'ono. Atatha mapemphero, a Golden adaimirira, nakonza tayi.

"Amama a Nyirenda, monire," adayamba. "Ndinamva pawailesi kuti tsiku lija munandilambasita. Chimene chinandipweteka n'chakuti munandilambasita ine kulibe, ndipo ndinachita kumva kwa anthu. Lero ndilipo. Ndikupempha, mundilambasite pamaso panga, pamaso pa anthu anga onsewa, ndi pamaso pa abwana. Musasiyeko kanthu. Musachite manyazi. Ndipo mawu akatsalako, mulambasiteko mkazi wanga ali apoyo, chifukwa zonse zimene munaziona timachitira limodzi."

Pagulu padamveka phokoso ngati la munthu wotsamwa. A Manase adagwetsa cholembera dala kuti apeze chifukwa chowerama. Keziya adafuna nthaka itang'ambika.

Mayi Sheila adawayang'anitsitsa a Golden kuti aone ngati ndi chipongwe. Adangoona nkhope yowala, ya munthu woyembekezera mphatso. Adayang'ana bambo Allan, amene adangotukula mapewa. Ndiye mayiwo adaimirira.

"Chabwino, a tcheya. Mwapempha nokha."

Adayamba ndi mbuzi. Adafunsa ngati bungwe lidamanga nyumbayo kuti ikhale hotela ya ziweto za wapampando. Adafika pa nkhani ya denga, naloza bowo lija limene dzuwa linkalowera, n'kufunsa kuti misomali ingapo ndi hamala zimafuna msonkhano wa anthu angati. Adanena za mayi wamasiye amene matumba ake ndiwo adamera, thukuta la chaka chonse. Ankalankhula Chichewa chomveka bwino, ndipo pofuna kuti pena palowe kwambiri ankapabwereza m'Chitumbuka.

Poyamba a Golden ankagwedeza mutu akumwetulira, poganiza kuti awa ndi mawu otsegulira chabe, zabwino zikubwera. Kumwetulirako kudayamba kuuma pang'onopang'ono ngati matope a m'munda madzi akaphwa. Mayiwo atafika pa nkhani yoti wapampando adathawa alendo n'kusiya mkazi wake kuti anyamule manyazi, a Golden adapendekera kwa Keziya amene adakhala pambali pawo.

"Anyina Yunike," adanong'ona, "kodi kulambasita kuja kuyamba nthawi yanji?"

"Kuli pakati," adayankha Keziya.

Adaona liwulo likutsika m'mutu mwa mwamuna wake mpaka kukafika m'mimba. A Golden adayang'ana a Manase, amene ankafunafunabe cholembera. Adayang'ana Shafiki, amene adatseka golosale kuti asaphonye zimenezi ndipo tsopano ankaonetsetsa mitambo. Thukuta lidatsika m'khosi n'kunyowetsa kolala. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, Keziya adawamvera chisoni.

Mayi Sheila adamaliza n'kukhala pansi. Keziya adaganiza kuti mwamuna wake akomoka, kapena athawira m'munda wa chinangwa osabweranso mpaka mdima. Koma a Golden adaimirira pang'onopang'ono, napukuta nkhope ndi mpango.

"Yewo chomene, amama," adatero. "Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. N'chifukwa chake ndinapempha ndekha." Kenako Keziya adaona diso lawo likuyamba kuwala mwa njira imene ankaidziwa bwino. "Ndipo musaganize kuti ndinangokhala. Tonde amene ankatsogolera zinzake kulowa m'nyumba iyi ndinamuweruza kale. Anaphedwa Loweruka. Anthu onsewa ndi mboni, chifukwa anamudya. A Manase, ndikunama?"

"Simukunama, a tcheya," adayankha a Manase mofooka.

"Alipo pano amene sanadye?"

Aliyense adayang'ana pansi.

"Ndiye poti tonse tili ndi mphamvu za mbuzi imeneyo m'thupi, a Manase, thamangani mukabwereke makwerero. Lughano, hamala ili kwa alamu anu. Shafiki, misomali ya malata muli nayo m'golosale, ndipo ndikudziwa kuti lero mupereka mwaulere, inu amene mumadziwa bwino Chingerezi."

Shafiki adanyamuka kukatenga misomali.

A Golden adavula jekete n'kupatsira Keziya, nakwera padenga ndi buluku la suti ndi tayi yemwe. Malata anali akutentha ngati chiwaya. Adadzimenya chala ndi hamala, natulutsa liwu la Chitumbuka limene silinali loyenera pamaso pa alendo, koma lata lidakhomedwa. Ali pamwamba pomwepo adalamula kuti membala aliyense amene adadya mbalagha athire mpunga pang'ono m'thumba la mayi wamasiye uja, iwo ayamba ndi ndowa yathunthu. Anthu adavomera msanga, poti aliyense ankafuna nkhani ya phwando ithe.

Atatsika, bambo Allan adawagwira chanza ndi manja awiri.

"Ndayenda m'makopaletivi ambiri," adatero bwanayo. "Apampando tikawadzudzula amathawa, kapena amaloza mlembi. Sindinaonepo woimirira n'kupempha yekha kuti adzudzulidwe pagulu. Mwezi wamawa tili ndi msonkhano wa apampando onse ku Mzuzu. Ndikufuna mudzawalankhule za kulandira chidzudzulo. Mubwere ndi membala mmodzi wamkazi."

Mayi Sheila adangoyang'ana denga lokhomedwa lija n'kupukusa mutu. Keziya adatsala ataima ndi jekete m'manja, osadziwa ngati aseke kapena alire. Munthu adamukumbira dzenje, wagweramo, ndipo watulukamo atanyamula ulendo wa ku Mzuzu.

Pobwerera kunyumba Keziya ndi mwamuna wake adayenda awiriwiri mpaka adadutsa pamjigo. A Golden ankayamwa chala chotupa chija.

"Munkadziwa," adatero a Golden.

"Ndinkadziwa."

"Hilda?"

"Ndiye anandimasulira."

"Mudzi wonse?"

"Kupatula amayi anga. Nkhuku ija mukabweze."

A Golden adayenda pang'ono. "Tonde wanga," adadandaula. "Ndimafuna ndidzamugulitse pa Khirisimasi."

"Ine tsiku lija ndinaima ndekha ndi makiyi m'manja, awiske Yunike. Inu mukukuwa kuti chigoli."

Atafika pampanda wa nyumba yawo a Golden adaima, nakanda kumutu. "Pamenepo ndinalakwa," adatero motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina womva. "Koma musakauze a Manase kuti ndatero."

"Sindikawauza. Membala wamkazi wopita ku Mzuzu mwasankha ndani?"

"Ndimaganiza kuti komiti ikhale pansi, tione..."

Keziya adawayang'ana.

"Ndinu," adatero a Golden.

Adapitadi mwezi wotsatira, khola la mbuzi litamangidwa. Ku Mzuzu kunkazizira moti Keziya adagula juzi pamsika asanafike n'komwe kumalo a msonkhano. Adakhala pampando wakutsogolo, manja atapinda pachifuwa. A Golden ataitanidwa, wotsogolera mwambo adawafunsa ngati alankhule m'Chingerezi. Iwo adayang'ana mkazi wawo, nati alankhula m'Chitumbuka kuti aliyense amve bwino, ndipo adaterodi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Adafotokoza mmene mtsogoleri weniweni amapitira yekha kukafuna chidzudzulo, ngati munthu wopita kuchipatala kukabayitsa jakisoni. Apampando anzawo adawomba m'manja. Keziya adawomba nawo, ngakhale kuti mbali ya mbuzi a Golden adaifotokoza mwa njira yawoyawo.